Mapu akale ndi kumene tinachokera

Abale anga a kuno ku Yofu, ndi inu muli ku Lilongwe, ku Harare ndi ku Joni, lero tikambeko za mapu akale.

A mishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, nthawi ya a Chauncy Maples ndi a William Percival Johnson. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anagawana dziko. Gombe la kutsidyali linapita kwa Apwitikizi, Likoma ndi Chizumulu n'kutsala kwa Angelezi. Mzere umenewo unadutsa pakati pa mabanja. Ndiye pofufuza makolo ako usathere pa doko la Mbamba ayi. Yang'ananso ku Kobwe, kumene mapu a nthawiyo analemba kuti Portuguese East Africa. Ambirife magazi athu ali mbali zonse ziwiri.

Kenaka kunabwera mapu a boma a 1:50,000, ojambulidwa kuchokera pa zithunzi za ndege. Amaonetsa mapiri, njira, midzi ndi gombe. Gombelo ndiye nkhani yaikulu, chifukwa nyanja yathuyi siikhala pamodzi. Cha m'ma 1915 inaphwa kwambiri mpaka madzi anasiya kutuluka kupita mu Shire. Mu 1980 inadzaza koopsa, ndipo za 2024 tonse tinaziona ndi maso. Agogo akamaloza m'madzi n'kumati tinkalima apo, musawaseke. Mapu a chaka china akhoza kuwaikira umboni.

Komatu mapu salemba mayina a anthu. Mayina ali m'mabuku a ubatizo a mpingo, monga ku St Peter's yomwe anayamba kumanga pa Chipyela mu 1903. Pamenepanso chenjerani, m'bukumo muli dzina la ubatizo pomwe kumudzi munthuyo ankadziwika ndi lina. Wolumikiza ziwirizi ndi nkhalamba basi.

Milandu ya malire a minda ya chinangwa imavuta chifukwa amene ankadziwa mlambe wa m'malire anapita kale. Inu achinyamata muli ndi mafoni, kafunseni mapu a Likoma ku Department of Surveys, mujambule, mukhale pansi ndi agogo pakhonde. Iwo aziloza, inu muzilemba kuti apa panali nyumba ya uje, apa manda, apa pokocheza bwato. Chitani chaka chino, agogowo akadali ndi mawu.