Mapulani Awiri a 1968 ndi Timatauni Tomwe Tinaiwalika Kumadzulo kwa Lilongwe

Pa msewu wa Mchinji, kuchokera mumzinda wa Lilongwe kudzera pa Njewa, Chitedze, Mpingu ndi Msundwe mpaka pa Namitete, nkovuta masiku ano kuloza pomwe tauni yathera ndi pomwe mudzi wayambira. Minda yomwe inkabereka chimanga ndi mtedza yadulidwa mapuloti, ndipo nyumba zamalata zikumangidwa misewu, madzi ndi ngalande zisanafike. Ena amati vutoli ladza ndi kuchuluka kwa anthu, ena amaloza chala mafumu ndi eni minda ogulitsa malo. Zonsezi nzoona ndithu, koma gwero lake lili m'mbuyo. M'chaka cha 1968 boma linayamba ntchito ziwiri zikuluzikulu m'boma la Lilongwe, ina yomanga mzinda, ina yokonza minda, ndipo pa ziwirizi panalibe yomwe inaganizira mokwanira kuti malo amalonda akumudzi adzasanduka matauni.

Malo amenewa sanabadwe ndi pulani. Kuyambira cha m'ma 1920, azungu awiri, Barron ndi Wallace, anayamba kulimbikitsa alimi a m'chigwa cha Lilongwe kulima fodya wa chikopa, ndipo esiteti ya Mbabzi inali likulu la ntchitoyo. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimi ndi misika ya fodyayo. Pomwe paikidwa sikelo pankabwera sitolo ya mmwenye, telala ndi wokonza njinga. Malo ena anakula ndi mishoni, monga Nambuma komwe ansembe a White Fathers anakhazikika mu 1928, ndi Namitete komwe chipatala cha St Gabriel chinatsegulidwa mu 1959. Chitedze nayo inatchuka ndi malo ofufuzira zaulimi omwe anayamba mu 1948. Kulikonse anthu ankatsata sikelo, tchalitchi kapena chipatala, n'kumanga pomwe mfumu yawalozera.

Pulani yoyamba inali ya likulu. Dr Kamuzu Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, dziko la South Africa linapereka ngongole, akatswiri akumeneko, Gerke ndi Viljoen, anajambula mzindawo, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation linapatsidwa ntchito yomanga. Midzi yomwe inali pamalopo inasamutsidwa, malo anagawidwa m'maeriya a manambala, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Unali mzinda wotakasuka, wa mitengo yambiri ndi mitunda italiitali pakati pa Capital Hill, Old Town ndi Kanengo, woyenera munthu wa galimoto ndi wa ntchito ya m'boma. Koma mu 1966 Lilongwe inali ndi anthu osapitirira 20,000. Pofika 1977 anali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi 989,000. Bungwe lomanga lija linathetsedwa mu 1984, mapuloti ovomerezeka sanakwanire, ndipo osauka anadzipezera okha pokhala ku Mtandire, Mgona ndi Chinsapo. Lero ngakhale opeza bwino akudumpha malire a mzinda kukagula malo kumudzi, komwe mtengo ndi wotsika ndipo wofunsa za pulani ya nyumba sapezekapezeka.

Pulani yachiwiri inali Lilongwe Land Development Programme, yomwe inayendetsedwa ndi ndalama za World Bank m'madera akumadzulo ndi kumwera kwa mzinda. Inalambula misewu yafumbi, inakumba mijigo, inakonza ngalande zoteteza nthaka, inabweretsa ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndipo potsata malamulo a malo a 1967 inalembetsa minda m'maina a mabanja, njira yomwe imadziwika kuti ndunda. Wina anganene pano kuti ntchitoyi sinaiwale timatauni, popeza dera lonse linagawidwa m'mayuniti ndipo yuniti iliyonse inali ndi likulu lake la msika ndi nyumba za alangizi. Izi nzoona, koma malikuluwo anakonzedwa kuti atumikire munda: mlimi abwere, agulitse mbewu ku ADMARC, atenge feteleza, abwerere kumudzi. Ojambula ake ankaona mlimi yekha. Sanaone mwana wa mlimiyo yemwe munda sudzamukwanira, amene adzafune kachipinda ka lendi, shopu yowotcherera zitsulo kapena njinga ya kabaza. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuchoka m'malo amalonda akumudzi, ndipo timatauniti tinataya mpamba wambiri pa nthawi yomwe tikanayamba kukhwima.

Zotsatira zake zimaoneka poyera pa tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Kabudula. Ngolo za ng'ombe, malole a soya ndi mtedza, mavenda ndi masikelo awo, a kaunjika ndi okazinga tchipisi, onse amalimbirana kamsewu kamodzi, chifukwa palibe anasiya malo a depoti kapena otsitsira katundu. Kuseri kwa mashopu puloti imagulidwa chonchi: dobadoba abweretsa wogula, mwini munda ayenda naye m'malire, akhoma zikhomo, mfumu ndi mboni asayina pepala, basi. Wogula aumba njerwa pompo, dzenje litsala, uvuni udya mitengo, chimbudzi chikumbidwa pafupi ndi chitsime cha mnansi. Aliyense payekha sanalakwe, koma mapuloti akachuluka mumapeza kuti ambulansi ilibe polowera, sukulu ilibe pokulira, ndipo madzi a mvula alowa m'nyumba za anthu.

Pali ena amene amati mawu oti pulani ndi njira yolandira anthu malo, ndipo mantha awo ali ndi maziko, pakuti likulu lenilenilo linamangidwa posamutsa midzi, komanso anthu aonapo nyumba zikugwetsedwa m'tauni. Koma kugwetsa kumabwera pomwe pulani yachedwa. Kusiya mpata wa msewu m'munda womwe sunamangidwe kumatengera banja mizere ingapo ya chimanga, pamene kuboola msewu womwewo patapita zaka khumi kumafuna kugumula nyumba ndi kulipira chipukuta misozi. M'mera mpoyamba. Ena amati khonsolo ilibe ndalama, ndipo amakumbutsa kuti ntchito ngati ya Nambuma, yomwe m'nthawi ya Bingu wa Mutharika inasankhidwa pamodzi ndi Nthalire ndi Neno kukhala malo oyambirapo chitukuko cha matauni akumudzi, singachitike paliponse. Zoonadi kumanga misika ndi maholo kumadya ndalama zambiri, koma chofunika choyamba si nyumba ayi. Ndi mapu ogwirizana pakati pa khonsolo, mafumu ndi eni minda, osonyeza pomwe padzadutse msewu, pomwe padzakhale sukulu, manda, msika ndi dzala, komanso madambo omwe sayenera kumangidwa. Mtengo wa ntchito imeneyi ndi wochepa poyerekeza ndi wokonza zolakwika.

Lamulo lilipo kale. Malamulo a malo a 2016 anaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani ndipo anakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, pomwe kale dongosololi linkagwira ntchito m'malo osankhidwa okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni m'boma la Lilongwe kunja kwa mzinda, ochuluka kuposa a mumzindamo, ndipo ambiri mwa ana awo sadzakhala alimi. Cholakwa cha 1968 chinali kuganiza kuti munthu amakhala wa ku Capital Hill kapena wa kumunda basi. Khonsolo ya boma la Lilongwe, pamodzi ndi mafumu monga Njewa, Kalolo, M'bwatalika ndi Kabudula, ikhale pansi ndi anthu awo ndi kujambula misewu ya Mpingu, Namitete ndi Nsaru tsopano, minda yozungulira malowa isanathe kugulitsidwa.