Kalasi yophatikiza: chiyankhulo ndi masamu

Kalasi yophatikiza ndi chipinda chimene ana a magiredi awiri kapena atatu amaphunziramo limodzi, mphunzitsi ali mmodzi. Ku United States imapezeka m'sukulu zazing'ono zakumidzi, kumene ana a giredi 6 mpaka 8, azaka 11 mpaka 14, angakhale m'chipinda chimodzi.

Phunziro la chiyankhulo silivuta kuphatikiza. Onse amawerenga nkhani imodzi n'kukambirana, kenako aang'ono amaifotokoza mwachidule, akuluakulu n'kulemba maganizo awo ndi zifukwa zake.

Masamu ndiye ovuta, chifukwa ali ngati makwerero: mwana amene sanamvetse mafulakishoni amavutika akafika pa aljebura. Choncho mphunzitsi amagawa ana m'magulu. Akamasonyeza gulu limodzi pabolodi, enawo amawerengetsera okha m'makope, wodziwa akuthandiza mnzake. Nthawi zambiri mwana amalakwa samu ya chiganizo chifukwa sanamve funsolo, choncho mphunzitsi wanzeru amayamba wamuuza kuti alinene m'mawu akeake.

Ku Colombia, njira ya Escuela Nueva, imene Vicky Colbert ndi anzake anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1970, imapatsa ana a m'makalasi ophatikiza akumidzi mabuku odziphunzitsira kuti aliyense aziyenda pa liwiro lake.