Cuma ca Osula Zitsulo

Kale lomwe, ndalama zisanafike m'dziko muno, anthu a kwa Cisepo ndi a m'mapiri a Dowa ndi Nchisi anali kulima ndi makasu osulidwa ndi Acewa anzao. Miyala ya citsulo inali kusungunulidwa m'ng'anjo zadothi ndi moto wa makala, ndipo wosula anali kumaliza nchito yace pacipala ndi mvukuto ndi nyundo. Ku Kasungu, tsidya lija la Bua, kunali ng'anjo zambiri. Mpwitikizi wina dzina lace Gamitto, amene anapita pakati pa Amaravi m'zaka za 1831 ndi 1832, analemba za luso limeneli. David Livingstone nayenso anapeza osula ocuruka pafupi ndi mapiri a Dzalanyama m'caka ca 1866.

Khasu silinali lolimira lokha ai. Linali cuma. Munthu anali kugula nalo mbuzi, mcere kapena nsaru, ndi kulipira nalo mlandu. Silibvunda ngati cimanga, silifa ngati ciweto. Cotero mulu wa makasu m'nyumba ya wosula unali monga ndalama zimene kampani isunga kubanki.

Tsono munthu wanzeru akadatha kudziwa za moyo wa dziko poyang'ana m'nyumba imeneyo. Caka ca zokolola zambiri makasu anali kutha msanga, wosula nadzaza nkhokwe ndi khola. Caka ca njala mlimi anali kupirira ndi kakhasu kace kakutha, pakuti khasu latsopano likhoza kudikira, koma mimba siidikira. Wosula ndiye anali woyamba kuona kuti zinthu zabvuta. Komatu mulu waukuruwo unali ndi matanthauzo awiri. Mwina mwini wace walemera, mwina ogula asowa. Wongowerenga makasu osafunsa cifukwa cace akadanyengeka.

Angoni a Ciwere atakhazikika ku Dowa, anthu ambiri anathawira m'mapiri ndi m'malinga, ndipo citsulo cambiri cinapita ku mikondo. Koma cimene cinazimitsa ng'anjo si nkhondo ai, ndi sitoro. Kampani ya Mandala, imene inayamba m'caka ca 1878, ndi amalonda ena pambuyo pace, anadza ndi makasu a ku Ulaya otsika mtengo. Boma linafuna msonkho wa nyumba, ndipo fodya atafalikira m'Cigawo ca Pakati m'zaka zotsata 1920, ndalama zinalowa m'midzi. Osula sanathe onse, koma anasiya kusungunula miyala nayamba kusula zitsulo zakutha za magalimoto. Pambuyo pace makasu anayamba kupangidwa ndi makina ku Blantyre, pa kampani ya Agrimal.

Lero akatswiri a za cuma akhoza kuyang'ana ndalama zimene makampani osula zitsulo ali nazo m'manja, ndipo cifukwa cace ndi comwe cija. Malata, misomali, makasu ndi mapulawo ndi zinthu zimene munthu amagula akakhala ndi ciyembekezo, nazengereza kugula akakhala ndi nkhawa. Kampani ikaona ogula akucuruka, imaturutsa ndalama zace kugula citsulo ndi makina ndi kulemba anchito. Ikacita mantha imazigwiritsa. Ndalama zambiri m'buku la kampani zikhoza kukhala phindu, zikhozanso kukhala mantha.

Kwathu kuno pali tanthauzo lacitatu, limene osula akale sanalidziwe. Iwo anali kukumba miyala yao ndi kuocha makala ao, koma citsulo ca makampani a m'Malawi cimacokera kunja, ndipo ogulitsa ace safuna makwaca, afuna madola. Madola akasowa m'mabanki, kampani imakhala ndi makwaca ambiri osatha kugula nao kanthu, makina ali cete. Ndalama zoterezi si cizindikiro ca kulemera konse. Ndiponso zimasungunuka zili m'banki momwemo. M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwaca inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene anasunga makwaca anagula nao citsulo cocepa kuposa kale. Mlimi wa fodya wa kwa Cisepo anazimva zimenezi pofunsa mtengo wa khasu ndi malata m'sitoro za pa Mponela.