Kalaliki wa ku Tiyi ndi Kamakina ka M'thumba

Pamene Henry Brown adabzala tiyi ku Thornwood m'boma la Mulanje m'chaka cha 1891, adayambitsanso ntchito ina imene siikumbukika kaŵirikaŵiri, ntchito yoŵerengetsa. Tsiku ndi tsiku othyola tiyi ankafika ndi madengu awo pasikelo, kalaliki nalemba kulemera kwa masamba m'kaundula. Mchere wa pakhomo ndi msonkho wa chaka zidali pansonga ya pensulo ya kalalikiyo.

Samu zake sizidali zamaseŵera. Makobiri 12 ankapanga shileni imodzi, ndipo mashileni 20 ankapanga paundi. Kalaliki akaphonya pang'ono, wolira adali wothyola, amene kaŵirikaŵiri adalibe njira yotsutsira zolembedwazo.

M'chaka cha 1971 mudachitika zinthu ziŵiri zimene zidadzakumana patebulo la kalaliki. M'mwezi wa February dziko la Malaŵi lidasiya paundi ndi kuyamba kwacha ya matambala 100, paundi imodzi nisinthidwa ndi makwacha aŵiri. Chaka chomwecho kampani ya Busicom ya ku Japan idatulutsa kamakina koŵerengetsera kokwana m'thumba, kamene lero katchedwa kakyuleta. Kamakinaka kamaŵerenga m'makumi, monga momwe kwacha ndi tambala ziyendera. Ndalama zakale zija zikadakavuta.

Poyamba mtengo wake udali woopsa. M'chaka cha 1972 HP-35 ya ku America inkagulidwa madola 395, ndipo Sinclair Executive ya ku Britain pafupifupi mapaundi 80. Koma makampani monga Casio adapikisana kotero kuti zaka za m'ma 1970 zisanathe mitengo idagwa, timakinati nitiyamba kufika m'maofesi ndi m'masitolo a maiko ambiri.

Lero lamya ya m'manja idalanda ntchitoyo, ndipo timakina toyamba tija, ta manambala ofiira oyaka ngati makala, tikufunidwa ndi anthu osunga zakale. Amene angakapeze m'bokosi la agogo asakataye, koma achotsemo mabatire, pakuti akakhalitsa amachucha ndi kuwononga zam'kati.

Kamakina kotere kakumbutsa nthaŵi imene samu zidapepuka. Komabe sikelo idafunikabe maso, ndipo kaundula adafunikabe munthu woona mtima, pakuti kamakina kamangoyankha zimene chala chafunsa.