Mbiri ya Madamu Yalembedwa mu Ndere

Kwathu kuno ku Lobi ndere timazidziwa ngati zoterera za pamiyala ya mumtsinje, zija zagwetsa amayi ambiri mtsuko uli pamutu. Koma ziliponso zina zosaoneka ndi maso, zoyandama m'madzi odikha, zimene akatswiri amazitcha phytoplankton. Izi ndiye nsima ya zamoyo za m'madzi. Paja mlimi wa nsomba amathira dala manyowa m'damu lake kuti madzi abiriwire, makumba anenepe. Tsono ine sindikuti ndere ndi mdani, iyayi. Ndikuti mtundu ndi kuchuluka kwake zimaulula zimene anthu akhala akuchita kumtunda.

Mumtsinje wothamanga ndere zoyandamazi sizipeza mpata woswana. Mudzi wokhazikika tinazipatsa ndife pomanga madamu. Kamuzu Dam yoyamba inatchinga mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde mu 1966. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975 ludzu la mzinda linakula, ndipo mu 1989 yachiwiri inamangidwa.

M'damu lotere nyengo iliyonse ili ndi mfumu yake. M'June ndi July, chisanu ndi mphepo ya mwera zimavundula madzi kuyambira pansi, ndipo zimakondwa ndi ndere zolemera za tizigoba tonga galasi, ma diatom, zimene madzi akadekha zimamira. Dzuwa la October likafika, madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi, osasakanikirana. Apa ufumu umatengedwa ndi ma cyanobacteria, amene amadziyandamitsa okha ndi timatumba ta mpweya, n'kuyala chikhatha chobiriwira ngati penti. Ena mwa iwo ali ndi poizoni wowononga chiwindi. Mvula ikagwa, matope amatchinga kuwala ndere n'kuchepa, koma matope omwewo ndiwo amabweretsa chakudya cha chilimwe chotsatira.

Chakudyacho n'chiyani? Mu 1973 David Schindler anagawa pakati ndi chinsalu kanyanja kena ku Ontario, m'dziko la Canada. Mbali zonse anathira nayitrojeni ndi kaboni, koma fosifolasi anathira mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo ndiyo inasanduka phala lobiriwira. Tsono, abale, taonani thumba lija la 23:21 tinkalimbiranali: 21 ameneyo ndi fosifeti. Feteleza timamufuna, njala si masewera, ndipo kuyambira starter pack ya 1998 mpaka sabuside ya 2005 boma lomwe linatilimbikitsa kuthira. Koma dimba la kabichi likafika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, bango ndi nsenjere zitadulidwa, gawo lina la thumbalo limakadyetsa ndere.

Onjezani nkhwangwa. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, inatetezedwa ndi lamulo mu 1922, koma makala anaidya mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali. Phiri likavulidwa, dothi limakathera m'damu pamodzi ndi fosifolasi wake.

Achibale athu a ku Halale mathero a njira imeneyi anawaona. Nyanja ya Chivero, imene kale inkatchedwa McIlwaine, inamangidwa mu 1952, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inali itayamba kale kubiriwira chifukwa cha zonyansa za m'zimbudzi za mzindawo. Mu December 2024 zipembere zinafa zitamwa madzi ake.

Madzi a ku Lobi sapita ku Malingunde, amalowera ku Diamphwe ndi Linthipe. Komatu m'zaka za m'ma 2010 boma linakonza mapulani a damu lalikulu pa Diamphwe loti lizimwetsa Lilongwe. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti mkangano wonse unali pa ndalama ndi chipukutamisozi cha osamutsidwa. Likadzaima khoma limenelo, kumtunda kwake kudzakhala kuno, minda ya kachewere ndi madimba a m'madambo mwathu.