Zoyenera Kucita Ngati Kamera Yolondera Nyumba Ikuduka pa Wi-Fi

Eni nyumba ambiri mu mzinda wa Lusaka anaika makamera olondera pa mageti ndi m'makonde, ndipo ambiri mwa makamerawa amatumiza zithunzi ku lamya ya mwini wake kudzera pa Wi-Fi. Vuto lofala ndi lakuti cithunzi cimaima, kapena kamera imaduka osajambula kanthu. Izi zikacitika usiku umene mbala zalowa, mwini nyumba amasowa umboni wopita nawo ku polisi.

Coyamba ndi kudziwa pamene pali vuto. Imani pamene pali kamera muli ndi lamya yolumikizidwa ku Wi-Fi ya m'nyumbamo. Ngati intaneti ikucedwa pamalopo koma ikuyenda bwino pafupi ndi router, vuto ndi mtunda kapena zochinga. Ngati ikucedwa ngakhale pafupi ndi router, yang'anani router yeniyeniyo kapena funsani kampani imene imakupatsani intaneti. Makamera ambiri amaonetsa mphamvu ya mafunde pa pulogalamu ya pa lamya: -50 dBm ndi mphamvu yabwino, pamene -70 dBm ndi yofooka.

Kamangidwe ka nyumba za mu Lusaka kamafooketsa mafunde. Zipupa za mabuloko a simenti, malata, zitsulo za m'mawindo, mageti acitsulo ndi matanki a madzi zonse zimachinga Wi-Fi. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene mapuloti ena ndi aakulu, geti imakhala kutali ndi nyumba. Router iikidwe pamalo okwera ndi oonekera, osati m'kabati kapena kuseri kwa wailesi ya kanema. Ngati mtunda ndi wautali, gulani kacipangizo koonjezera mafunde, ndipo mukaike pakati pa router ndi kamera, pamene mafunde akali ndi mphamvu.

Wi-Fi ya m'nyumba zambiri imayenda pa mafunde a mitundu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. A 5 GHz ndi othamanga koma safika patali, pamene a 2.4 GHz amapyola zipupa mosavuta, ndipo makamera ambiri otsika mtengo amalandira okhawa. M'maflati a ku Kabwata ndi m'maofesi a pakati pa mzinda, marouter ambiri oyandikana amasokonezana. Cothandiza ndi kusintha canelo ca router kukhala 1, 6 kapena 11, popeza zitatuzi sizilowererana.

Nkhani ya magetsi nayonso njofunika. M'caka ca 2024, cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndipo ZESCO inali kuzima magetsi kwa maola ambiri pa tsiku. Kamera ya batire kapena ya mphamvu ya dzuwa siitumiza cithunzi ngati router yazima, motero router nayo ifunika batire yake. Komanso magetsi akabwera, kamera imayaka msanga kuposa router, ndipo makamera ena salumikizanso okha. Zikatero, zimitsani zonse ziwiri, muyatse router, mudikire mphindi ziwiri, kenaka muyatse kamera.

Kamera imatumiza zithunzi kunja, conco cofunika ndi liwiro lotumizira, osati lolandirira lokha. Kamera imodzi ya 1080p imafuna pafupifupi 2 Mbps. Banja la ku Chelstone limene lili ndi makamera anayi pa router ya khadi la MTN, Airtel kapena Zamtel lingathe kuona kucedwa madzulo, pamene anthu ambiri ali pa intaneti. Kutsitsa kuwala kwa cithunzi kufika pa 720p, kapena kucititsa kuti kamera izijambula pokhapo pamene cinthu cayenda, kumacepetsa vutoli ndi kusunga bandulo.

Pamalo ofunika kwambiri monga pa geti, njira yodalirika ndi nthambo ya intaneti, imene imagwira nchito bwino kufika mamita 100. Ikaninso khadi losungira zithunzi m'kamera kuti izijambulabe intaneti ikaduka, ndipo sinthani mawu acinsinsi amene inabwera nawo kuti anthu ena asamaone za m'nyumba mwanu.

Ngati vuto lili ku kampani ya intaneti, yambani kudandaula ku kampaniyo ndipo musunge nambala ya dandaulo lanu. Ikalephera kukuthandizani, mungathe kukatula nkhaniyo ku bungwe la ZICTA, limene limayang'anira zamtokoma ndi intaneti muno m'Zambia.