Warwick Estevam Kerr

Warwick Estevam Kerr (9 September 1922 – 15 September 2018) anali katswiri wa sayansi ya majini wa ku Brazil amene anathera moyo wake akufufuza chibadwa cha njuchi. Amadziwika kwambiri chifukwa cha njuchi za ku Africa zomwe anapita nazo ku Brazil, zimene pambuyo pake zinafalikira m'maiko ambiri a ku America.

Ubwana ndi maphunziro

Kerr anabadwira ku Santana de Parnaíba m'boma la São Paulo. Anaphunzira zaulimi ku Piracicaba, pasukulu ya yunivesite ya São Paulo, ndipo kumeneko ndi komwe anayamba kufufuza njuchi zopanda mbola zotchedwa Melipona.

Kafukufuku

Pa njuchi za uchi zodziwika, chakudya chimene mphutsi imadya ndicho chimachititsa kuti ikhale mfumukazi kapena yantchito. Kerr anafotokoza kuti pa Melipona majini nawonso amathandizira, ndipo chakudya chikakwanira, pafupifupi njuchi yaikazi imodzi mwa zinayi imatha kukhala mfumukazi.

Njuchi za ku Africa

Njuchi za ku Ulaya sizinkapanga uchi wambiri m'madera otentha a Brazil. Mu 1956, Kerr anakatenga mafumukazi a mtundu wa Apis mellifera scutellata ku South Africa ndi ku Tanganyika kuti awaswanitse ndi njuchi za ku Ulayazo. Mu 1957, pafupi ndi Rio Claro, munthu wina anachotsa zotchingira pa ming'oma ndipo magulu 26 anathawa. Ana ake, omwe amaluma mwaukali akaputidwa, anafalikira mofulumira mpaka kufika ku Texas mu 1990. Anthu ndi ziweto ena anafa atalumidwa, koma alimi a ku Brazil ataphunzira kuziweta, uchi unachuluka. Kafukufuku wa DNA wa mu 2006 anasonyeza kuti m'madera amene njuchizi zinafika, majini a ku Africa analowa m'malo mwa ambiri a ku Ulaya.

Maudindo

Kerr anali mkulu woyamba wa zasayansi ku FAPESP, bungwe lothandiza kafukufuku m'boma la São Paulo. Anatsogoleranso kawiri INPA, bungwe lofufuza za nkhalango ya Amazon ku Manaus. Mu 1990 anasankhidwa kukhala membala wa National Academy of Sciences ya ku United States. Anamwalira ku Ribeirão Preto ali ndi zaka 96.